Zidindo za pa Mfuti ya Ababa

Ababa anamwalira Lachiwiri m'mawa m'nyumba mwanga, ku boma la Mangochi, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataikidwa kale. Ndi mmene timachitira Asilamu. Amuna ananyamula jeneza n'kupita nalo kumanda, ife akazi tinatsala pakhomo. Ndinakhala pamkeka pakati pa amayi amene ankalira, maso anga ali pa patapata wina woduka amene mwini wake anamumanga ndi kawaya. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Sindinalire. Anthu ankanong'onezana kuti mwana wamkaziyu ndi wolimba mtima, koma sikunali kulimba. Ndinali ngati mwendo umene wachita dzanzi, woti ukaugwira ukudziwa kuti ndi wako koma sukumva kanthu.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Sabata yotsatira ndinabwerera kusukulu, ndinalemba pabolodi, ndinachonga makope, ndinabwerera kunyumba n'kuphika. Chipinda chimene ababa anadwaliramo miyezi isanu ndinangochitseka. Makina awo osokera anali pakona, atafundidwa chitenje. Zaka zonse za moyo wawo anali telala wa pakhonde la sitolo ina m'tauni muno, ngakhale kwawo kwenikweni kunali ku Makanjira, tsidya lina la nyanja.

Titachita sadaka ya arobaini, tsiku la makumi anayi, alendo atabalalika, achimwene anga anati titsegule bokosi lachitsulo la ababa. Achimwenewa ndi aakulu kwa ine, ndipo amaphika pa loji ina ku Chembe. Tinalikokera pabalaza. Munali mikanjo itatu, zikofia, tepi yoyezera imene manambala ake anafufutika, sizasi yaikulu, ndi mapepala a kuchipatala. Pansi penipeni panali kamtolo kansalu ya kakhi, komangidwa ndi timizere ta chitenje. Tonse awiri tinkadziwa chimene chinali m'menemo.

Inali mfuti ya volovolo, yakale, yolemera kuposa mmene imaonekera. Tili ana, ababa ankaitulutsa mwina kamodzi pachaka, akaipukuta ndi mafuta a makina osokera. Sankatilola kuigwira. Ankatiuza kuti bambo awo, agogo athu amene ife sitinawaone, anali mtengatenga, wonyamula katundu wa asilikali, pa nkhondo ya azungu yoyamba ija. Ati tsiku lina anabereka mzungu wovulala n'kumuwolotsa mtsinje wodzaza, ndipo mzunguyo atachira anavula mfuti yake m'chiuno n'kuwapatsa. Nkhaniyi tinaimva kambirimbiri, ndipo mawu ake sankasintha. Akamaliza ankaikulunganso n'kunena kuti, "Basi, kasewereni."

Achimwene anaitembenuza m'manja mwawo, n'kuyesa kuwerenga zilembo za pamwamba pa mpope wake.

"Chemwali, izi ndi zinthu zimene azungu amazifuna," anatero. "Kuloji kumabwera anthu osonkhanitsa zakale. Pali mdala wina ku Chembe amadziwa za mfuti. Ndimufunsa."

Ndinati chabwino. Akanati tikaitaye mu Shire ndikanatinso chabwino.

Mdala uja anali msilikali wopuma, ndipo ntchito yake kuusilikali inali yokonza mfuti. Ankakhala ndi mwana wake wamkazi ku Chembe. Achimwene atamuuza, analetsa kuti tisayende nayo m'minibasi. Anati abwera yekha. Anafika Loweruka cha m'ma teni koloko, wamtali, wowonda, atavala jekete ngakhale kunkatentha, m'manja muli chikwama chansalu. Anapepesa maliro mwaulemu, anakana tiyi, n'kupempha kuti tiike tebulo pafupi ndi zenera.

"Ine sindisonkhanitsa mfuti, aphunzitsi," anandiuza akutulutsa katundu wake. "Lamulo silindilola, komanso ndinatopa nazo. Ndimasonkhanitsa zidindo zake zokha."

Anatulutsa kope lalikulu lachikuto cholimba, pensulo, timapepala topyapyala, ndi galasi lokuzira zinthu. M'kopemo munali timapepala tambiri tomata ndi guluu, tonse tothimbirira ndi pensulo, pakati pake pakuoneka zilembo zoyera. Anati amaika pepala pa chitsulo n'kukhukhuza pensulo pamwamba, chidindo n'kutsalira papepala. Anayamba ali kuntchito, ndipo masiku ano amajambula timapepalato pa foni n'kutumizira anzake akunja amene amakonda zomwezi. Pansi pa kapepala kalikonse analemba dzina la malo: Katuli, Namwera, Malindi, Zomba. Mayina a anthu munalibe.

Choyamba anathyola mfutiyo pakati, mmene imatsegukira, n'kusuzumira m'mabowo asanu ndi limodzi a kamgolo kake kolowetsamo zipolopolo. Munalibe kanthu. Kenako anaipukuta ndi kansalu, n'kuyamba kuiyang'ana ndi galasi lija, pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka ngati munthu wowerenga kalata. Achimwene anaima kumbuyo kwake. Ine ndinakhala pampando, manja pamiyendo. Kunja mwana wa aneba ankamenya chitini ndi kamtengo, osalekeza.

"Bwerani muone," mdalayo anatero.

Anatsegula masamba atatu m'kope mwake. Anati onsewo ndi a kampani imodzi ya ku Mangalande, yomwenso inapanga mfuti yathuyi, koma kampaniyo sinkadinda mofanana nthawi zonse. Pa kapepala koyamba dzina linalembedwa lonse, zilembo zopendekeka, pamodzi ndi dzina la mzinda. Pa kachiwiri dzina linafupikitsidwa, ndipo pambali pake panali kachithunzi kakang'ono ngati njere ya mpunga ya mapiko. Pa kachitatu zilembo zinali zowongoka, zazikuluzikulu, zopanda kachithunzi, ndipo nambala ya mtundu wa mfutiyo inali ndi kanyenyezi kumapeto.

"Yanuyi ndi iti pamenepa?" anandifunsa ngati mmene ine ndimafunsira ana m'kalasi.

Ndinawerama. Zilembo zinali zowongoka. Kanyenyezi kanalipo, kodzaza dzimbiri.

"Yachitatu," ndinatero.

"Mwakhoza."

Anapitiriza. Anatisonyeza kachisoti kachifumu kokhala ndi zilembo ziwiri pansi, n'kunena kuti kameneko ndi ka anthu amene anaiyesa kuti siphulika m'manja. Kanali m'malo anayi, ndipo pamalo amodzi kanadindidwa mozondoka. Anati mwina wodindayo anali atatopa tsiku limenelo, ndipo anzake akunja amasangalala kwambiri ndi zolakwika zotere. Anatisonyeza kamuvi, chizindikiro chakuti inali katundu wa boma. Kenako, kumanzere, pafupi ndi chogwirira, anatisonyeza mivi iwiri yoyang'anizana, nsonga zake zitagundana.

"Iyi ndiye imanena kuti boma linathana nayo," anatero. "Ikakalamba, kapena zikachuluka, ankazigulitsa kwa anthu wamba. Asanagulitse ankadinda muvi wachiwiri. Yanuyi inagulitsidwa."

Achimwene anatsokomola. Anafotokoza nkhani ya agogo, ya mtsinje wodzaza ndi mzungu wovulala, mawu omwe aja a ababa. Mdalayo anamvetsera mpaka kumapeto osadula. Atatha anavula magalasi ake n'kuwapukuta ndi jekete.

"Pepani, achimwene. Chidindo chowongokachi, chokhala ndi kanyenyezi, chinayamba nkhondo imeneyo itatha kale. Pamene agogo anu ankanyamula katundu, mfuti iyi inali isanapangidwe."

"Ndiye mukuti bambo athu anali abodza?"

"Ayi. Bambo anu sindinawadziwe. Ine ndikungowerenga zimene zalembedwa apa."

"Mwina mwalakwitsa."

"Mwina," anatero mdalayo, mopanda kukwiya. "Koma onaninso izi."

Nambala ya pa thupi la mfuti ndi nambala ya pa kamgolo zinali zosiyana. Anati kamgoloko kanachokera ku mfuti ina, yakale kuposa iyi, ndipo wina anachita kulumikiza. Osonkhanitsa amafuna yoti manambala onse agwirizane. Ya chonchi saifuna kwenikweni, komanso kuigulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Achimwene anatuluka panja, ndinawamva akukalipira mwana wa chitini uja. Phokoso linaleka.

Mdalayo anadula timapepala n'kuyamba kukhukhuza pensulo pa chidindo chilichonse. Ndinkamvera kaphokoso kake, shwe shwe shwe, ndikuganiza kuti sindinagule makala. Atafika ku kanyundo, kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya chipolopolo, anaima. Anakakoka ndi chala chachikulu, n'kuyandikitsa galasi.

"Aphunzitsi, bambo anu anakuuzanipo kuti mfutiyi siwomba?"

"Ayi."

"Apa payenera kukhala kansonga, ngati mlomo wa nkhuku. Kameneko ndi kamene kamaboola chipolopolo. Palibe. Ndipo sikanathyoke kokha. Munthu anachita kupala ndi tupa." Anandipatsa galasi. Ndinaona timizere tambirimbiri, tina topita uku tina uko, tina totsetserekera pambali pomwe panalibe chifukwa chopalapo. "Ameneyu sanali mmisiri wa zitsulo. Dzanja linkamuterereka. Koma anali ndi khama, chifukwa chitsulo ichi ndi cholimba zedi. Anakhalira tsiku lonse."

Anafunsa ngati ndikudziwa amene anachita zimenezo. Ndinati sindikudziwa. Anayesa kukhukhuza pensulo pamenepo koma papepala panangotuluka mdima wopanda maonekedwe. Anakamatabe m'kope. Pochoka anandilangiza kuti ndikaipereke kupolisi, ndinene zoona kuti ndaipeza m'katundu wa malemu. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, anakwera kabaza. Achimwene anabwerera ku Chembe madzulo omwewo, osadya.

Mfutiyo ndinaibwezera m'bokosi, ndipo inakhala m'menemo miyezi iwiri. Sindinkaiganizira. Kunena zoona sindinkaganizira chilichonse. Ndinkadzuka, ndinkaswali, ndinkapita kuntchito. Tsiku lina ndinapeza kuti ndathira shuga m'ndiwo, ndinadya choncho.

Sukulu zitatsekera, ndinatenga mikanjo ya ababa kuti ndikapereke kwa azakhali, mlongo wawo wamng'ono, amene ndi yekhayo wotsala m'mimba mwawo. Iwo sanabwere kumaliro chifukwa uthenga unawapeza mochedwa, ndipo miyendo imawavuta. Ndinakwera lole m'mamawa, tinawoloka mlatho wa pa Shire, kenako msewu wa fumbi ndi mabampu mpaka thupi lonse kuwawa. Pamilatho ina yamatabwa tinkatsika n'kuyenda pansi. Ndinakhalira thumba la mchere, pafupi ndi mayi wina amene anali ndi nkhuku pamiyendo. Tinafika ku Makanjira dzuwa litapendeka, nsidze zili mbuu.

Azakhali analira atandiona, analiranso ataona mikanjo. Anainunkhiza umodzi n'kuufungatira. Ine ndinakhala pambali pawo kudikira kuti amalize.

M'mawa mwake ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pathandala loyanikapo usipa, akutembenuza nsomba ndi kamtengo. Mwera unkawomba ndipo asodzi sanalowe m'madzi. Ndinaima mbali inayo n'kuyamba kuwathandiza. Tinkayankhula Chiyao, monga timachitira kumudzi. Sindinakonzekere kufunsa. Zinangotuluka.

"Azakhali, mfuti ya agogo ija ndaipeza m'bokosi."

Dzanja lawo linaima pang'ono, kenako linapitiriza.

"Anali akuisungabe?"

"Eya. Munthu wina wodziwa za mfuti waiona. Akuti si ya kunkhondo."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe.

"Nkhondo yake iti? Bambo athu kunkhondo sanapiteko. Olemba amtengatenga atafika, iwo anathawira kumapiri, anadzatiuza okha ali okalamba. Mfutiyo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anagula kwa kapitawo wa kumigodi."

Ndinati ababa ankatiuza zina. Anati akudziwa, anawamvapo tsiku lina akutiuza, iwo anangotuluka panja.

Ndiye anandifotokozera, maso ali pa usipa. Anati agogo atabwerako ku Joni anali munthu wina. Pakudya ankaika mfutiyo pamkeka, pambali pa mbale. Ndiwo zikachepa mchere, kapena madzi osamba akazizira, ankaitola n'kuwaloza nayo akazi awo, amayi awo a ababa ndi azakhali. Sankakuwa. Ankangoloza, n'kumawayang'ana, mpaka mayiwo agwade. Zinatenga zaka. Abale ankadziwa koma ankaopa. Tsiku lina mayiwo akusinja chimanga, agogo anawombadi. Chipolopolo chinalowa mu mtondo, pakati pa miyendo yawo, mtondo n'kung'ambika. Azakhali anali pomwepo, akupeta.

"Nthawi imeneyo bambo ako anali atakwatira kumene, akuphunzira utelala kuboma," anatero. "Ndinawatumizira uthenga ndi munthu wa bwato. Anabwera. Sanakangane ndi aliyense, unkawadziwa mmene analili. Anapereka moni, anadya, anagona. Lachisanu bambo athu atapita kumzikiti ku Juma, n'kupitirira ku ukwati kumudzi wina, bambo ako anatenga mfuti ija pansi pa mphasa. Anali atabwereka tupa kwa wokonza njinga. Anakhala kuseri kwa nkhokwe kuyambira masana mpaka dzuwa kufiira. Ine ndinkayang'ana kunjira. Pomaliza zala zawo zinali magazi okhaokha. Anaibwezera pomwe anaitenga, m'mawa n'kubwerera kuboma."

"Agogo sanazindikire?"

"Maso anali atayamba kuwavuta. Anapitiriza kuloza mpaka imfa yawo. Kamodzi anafuna kuwombera galu wa chiwewe, inangoti tha. Anatukwana zipolopolo kuti zalowa chinyezi."

"Nanga agogo aakazi ankadziwa?"

"Tinawauza tsiku lomwelo. Koma ankagwadabe. Ankati akaleka kugwada, bamboyo adziwa, akapeza china." Anatola kansomba kamene kanagwa pansi, anakapukuta, n'kukabwezera pathandala. "Zaka zisanu ndi ziwiri akugwadira chitsulo chakufa. Nthawi zina akatuluka panja ankaseka mpaka misozi."

Ndinafunsa chifukwa chake ababa anaitenga agogo atamwalira, osangoitaya m'nyanja. Anati sakudziwa. Ndinafunsa chifukwa chake ankatiuza za mtsinje ndi mzungu. Anandiyang'ana koyamba chiyambire kuyankhula.

"Iwe ukanafuna akuuzeni chiyani, muli ana?"

Ndinkadikira kuti mwina tsopano chinachake chisuntha m'chifuwa mwanga, poti nkhani yotere munthu amayenera kulira nayo. Ndinayesa kuwaona ababa kuseri kwa nkhokwe, ali mnyamata wa ndevu zochepa, akupala chitsulo. Chimene ndinkaona ndi zala zawo za kuukalamba, zikulephera kulowetsa ulusi pa singano, ine n'kuwalowetsera. Ndinaima pomwepo, fungo la usipa lili m'mphuno, ntchentche zikutera pamkono. Ndinapempha madzi akumwa. Azakhali anandiloza mtsuko.

Ndinakhala masiku atatu. Za mfuti sitinakambenso. Tinakamba za miyendo yawo, za denga lofuna udzu, za mdzukulu wawo amene anakana sukulu. Pobwerera anandipatsa usipa wodzaza jumbo ndi chinangwa chouma.

Nditafika kuboma ndinawaimbira achimwene n'kuwauza zonse, mwadongosolo, ngati ndikuwerenga lipoti. Pafoni ndinkamva mapoto akugundana kukhitchini kwawo.

"Azakhali akalamba," anatero pomaliza. "Amasokoneza zinthu."

"Mwina."

"Alendo afika, ndikuimbira."

Sanaimbe sabata imeneyo. Ataimba tinakamba zina.

Lolemba lotsatira ndinakulunga mfutiyo m'nsalu yake ya kakhi, ndinaiika m'chikwama cha makope, n'kupita kupolisi wapansi. Ndinauza wapolisi wa pakauntala kuti ndabweretsa mfuti ya malemu bambo anga. Anadzidzimuka, anaitana mkulu wake, ndipo anandilowetsa m'kaofesi kena. Anali aulemu. Anandifunsa mafunso ambiri, ndinayankha. Mkuluyo anaitsegula, anaisuzumira, anayesa kanyundo, n'kupukusa mutu. Wachinyamatayo ankalemba. Anafunsa mtundu wake, ndinamuuza kuti awerenge pamwamba pa mpope. Analemba chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Ndinasaina m'malo awiri. Anandifunsa ngati nsaluyo ndikuifuna. Ndinati ayi, kenako ndinati eya, ndinaipinda n'kuiika m'chikwama.

Mdala wa ku Chembe uja anatumiza uthenga pa foni patapita masabata angapo. Anati mnzake wina wakunja wasangalala ndi kachisoti kozondoka kaja, akuti sanakaonepo pa mtundu umenewu, ndipo akufunsa ngati mfutiyo ikadalipo kuti aijambule bwino. Ndinayankha kuti ndinakaipereka. Anati ndachita bwino. Anafunsanso ngati ndinamva za amene anapala kanyundo. Ndinalemba kuti anali bambo anga. Sindinawonjezere, iyenso sanafunse chifukwa. Anangoti zikomo, alemba m'kope.

Makina osokera ndinawapereka kwa mayi wina wamasiye wa kumzikiti kwathu, amene amasoka mayunifolomu. Anabwera ndi wilibala ndi mlamu wake kudzawatenga. Atachoka ndinasesa chipindacho, ndinakolopa, n'kutsegula mawindo. Pakona panatsala madontho anayi a dzimbiri pomwe panali miyendo ya makina. Ndinayesa kuwachotsa ndi phulusa, sanachoke. Mwezi wotsatira munalowa mphunzitsi wina wamkazi amene anali atangotumizidwa kumene pasukulu yathu ndipo analibe pokhala. Anaika bedi lake pamenepo.